Mwana Wosakhazikika: Mchenga ndi Dongo Zingathandize

M'madrasa ambiri kuno kwa Malenga Chanzi muli mwana amene aphunzitsi timamudziwa dzina tsiku loyamba lomwe. Anzake akamabwereza alif, ba, ta, iye ali pakhomo. Tikamubweza, posakhalitsa wayamba kukoka chipewa cha mnzake. Kunyumba mayi ake akamutuma mchere amabwera ndi machesi. Timamutcha wosamva kapena wamwano, ndipo ena amafika ponena kuti ali ndi majini.

Madokotala vutoli amalitcha ADHD, ndipo padziko lonse limapezeka mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse. Kawirikawiri limayenda m'magazi a kubanja, choncho tisafulumire kuloza chala mayi wa mwana. Komanso tisaiwale kuti mwana wa zaka zitatu sakhala pansi, ndi chibadwa chake. Nkhawa ibwere ngati khalidweli lapitirira miyezi 6, likuposa la ana amsinkhu wake, ndipo likuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chifukwa china chokhalira tcheru, chomwe ndi malungo. M'chaka cha 2010 madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adafalitsa zimene adapeza potsatira ana amene adachira malungo a muubongo. Pafupifupi mmodzi mwa ana 10 alionse adasintha khalidwe, nakhala wosakhazikika ndi waukali, ndipo ena adayamba khunyu. Tsono mwana amene adakomokapo ndi malungo kenaka n'kusintha, ameneyo akudwala, sakuchita dala.

Nanga masewera akubwera bwanji pamenepa? Mayi wina wa ku America, Jean Ayres, adalemba buku mu 1972 lofotokoza kuti ubongo wa mwana umaphunzira kusanja zimene khungu, maso, makutu ndi minofu zikuuuza kudzera m'kugwira, kukankha, kunyamula ndi kupendama. M'mayiko olemera makolo amalipira ndalama zambiri kuti mwana akalowe m'chipinda chokhala ndi katungwe ndi mbale za mchenga. Ife zonsezi zili pabwalo.

Thirani mchenga wonyowa m'lichero, mwana alembemo zilembo ndi chala, afufute, alembenso. Taona ana amene sangathe kuyang'ana pabolodi akukhala phee pa lichero lotere, chifukwa dzanja lili ndi ntchito. Mpatseni dongo aumbe bwato, ng'ombe kapena chambo, ndipo musamukonzere, ngakhale chambocho chifanane ndi mbatata. Ikani m'kathumba mwala, supuni, chitsononkho ndi ndimu, apise dzanja osasuzumira, atchule chimene wagwira. Wamkulupo asankhe nyemba mu mpunga, koma wosakwana zaka zitatu ayi, angaike nyemba m'mphuno kapena m'khutu. Nthawi yophunzira isanakwane, muloleni atope pang'ono: anyamule kandowa ka madzi, asinje ndi kamusi, akwere katungwe pamtengo wa mango.

Mphindi 5 kapena 10 n'zokwanira poyamba, bola zizichitika nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Muitaneni dzina, mumuyang'ane kumaso, mumuuze chinthu chimodzi basi. Akachita, muyamikireni pompo. Chikoti chimamukhazika pansi lero, mawa wayambiranso, ndipo chomwe waphunzira ndi kuopa mphunzitsi.

Tinene chilungamo. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana ku America lidachenjeza kuti umboni woti masewerawa amachiza vutoli ndi wochepa. Chimene chidatsimikizika pa ana aang'ono ndi kuphunzitsa makolo njira zolangizira mwana modekha ndi mosasinthasintha. Masewera ndi khomo lolowera chabe, ndipo wina akakulonjezani kuti amuchiza mukalipira, sungani ndalama zanu.

Chenjezo lina ndi la madzi. Mchenga tapani kumtunda kouma ndipo madzi akhale a pamjigo, pakuti madzi odekha a m'mabango, monga a ku Chia, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mwana wotere asasiyidwe yekha kunyanja ngakhale pang'ono.

Ngati mwana amangoti duu kuyang'ana kumodzi kenaka n'kudzidzimuka, kapena satembenuka mukamuitana cham'mbuyo, kapena m'manja mwake mwayera, pitani naye ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena ku St Anne's. Tengani kabuku kake ka kusikelo, ndipo mupemphe kuti amuone makutu, amuyeze magazi, amuunikenso ngati alibe khunyu.