Makina Akuyeza Chuma, Koma Saona M'nkhokwe

Mayi akagulitsa nyemba pamsika wa ku Lichinga, wogula n'kulipira pafoni, malondawo amalembedwa. Koma akasinthanitsa nyembazo ndi usipa wa ku Metangula, palibe buku limene limadziwa. Apa ndi pamene pagona nkhani ya kayezedwe ka chuma cha dziko masiku ano.

Kale ntchitoyi inali ya alembi oyenda khomo ndi khomo atanyamula mapepala. Bungwe la boma loona za chiwerengero, la INE, lidachita kalembera m'chaka cha 1997, 2007 ndi 2017. Kalembera wa 2017 adapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni m'dziko muno, ndipo oposa 1.8 miliyoni anali a m'chigawo chino cha Niassa. Zotsatira zake zonse zidatuluka mu 2019. Anzathu a ku Malawi mu 2018 adalembera pa timakompyuta ta m'manja, ndipo pasanathe chaka zotsatira zinali zitatuluka.

Njira ina ndi ya ndalama za pafoni. Ya mKesh idayamba mu 2011, ndipo M-Pesa idabwera mu 2013, e-Mola n'kutsatira. Makampaniwa amapereka chiwerengero cha ndalama zodutsamo ku banki yaikulu ya dziko. Nawo akatswiri ena amaona zithunzi zojambulidwa usiku ndi makina a mumlengalenga otchedwa setilaiti. Tauni ikamawala kwambiri chaka ndi chaka, iwo amati malonda akukula.

Koma kodi mudzi wa koloboyi uoneka bwanji kumwambako? Chimanga cha m'nkhokwe sichiwala. Thumba lowoloka panjinga kuchokera ku Mandimba kupita ku Chiponde silidutsa pafoni. Ganyu wolipidwa ndi ufa naye salembedwa. Chonsecho ichi ndicho chuma chimene chimadyetsa mabanja ambiri kuno.

N'chifukwa chake alembi akadayendabe m'midzi kufunsa zimene banja limakolola, kudya ndi kugula. Ena amabisa mbuzi poopa msonkho, ena amachepetsa ana. Kutero n'kudzipweteka, pakuti boma ndi mabungwe amayang'ana ziwerengero zomwezo pogawa masukulu, zipatala ndi mijigo. Mudzi wa ana 300 ukalembedwa ngati wa ana 200, ana 100 adzasowa pokhala.

Mlembi akafika pakhomo, muoneni chiphaso, mpatseni mpando, ndipo muuzeni zoona. Paja mwana wosalira amafera m'mbereko.