Mwana akabwera ndi kamba pakhomo

Kuno ku Ngara mvula ikayamba, ana amatola kamba kumunda, ena amapempha nkhasi yokodwa mu ukonde kuti aziweta. Tisanavomere, tiyang'ane kaye mapazi. A nkhasi ndi opalasira madzi. Imadya nkhono ndi nsomba, m'beseni singakhalitse, komanso imaluma. Imeneyo tiibwezere m'nyanja.

Kamba wakumtunda ndiye wofatsa, koma m'madzi akuya amamira. Amafuna kampanda padothi, pofika dzuwa ndi mthunzi womwe, udzu, chisoso ndi madzi m'mbale yosazama. Nsima ayi. Zoboola chigoba kuti timangepo chingwe zija tisiye, chigobacho n'chamoyo, chimatuluka magazi. Ana akamugwira azisamba m'manja ndi sopo, ndowe zake zimatsegulitsa m'mimba. Tifunsenso za chilolezo kunthambi yoona za nyama zakuthengo, paja kamba wina amakhala zaka zoposa 50.