Asanakulangizeni, ayambe akuyezani kaye

Pa TikTok ndi Facebook mwadzadza timayeso ta maganizo. Mukangoyankha mafunso angapo, foni ikuuzani kuti muli ndi depression kapena ADHD. Ena amangoseka n'kupitirira, koma ena amakhulupirira mpaka kuyamba kudzitcha odwala. Kuchipinda cha uphungu kuyeza kulikonso, kungoti n'kosiyana kwambiri ndi za pafonizi.

Mlangizi wodziwa ntchito yake sathamangira kupereka malangizo. Monga namwino amayamba wayeza BP asanapereke mankhwala, nayenso amafuna adziwe kaye kukula kwa vuto. Chida chimodzi chodziwika ndi PHQ-9. Chili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa: mukugona bwanji, mukudya bwanji, mukutopa msanga, zomwe zinkakusangalatsani zikukomabe? Yankho lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi sapitirira 27. Akafika 10 kapena kuposa, mlangizi amadziwa kuti apa m'pofunika kufufuza mozama.

Funso lomaliza ndiye lolemera. Limafunsa ngati mwakhala mukuganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Ambiri sangayambitse okha nkhani imeneyi, makamaka anyamata omwe anakula akumva zoti mwamuna salira. Koma akafunsidwa mwachindunji, ena amamasuka. Munthu akavomera pafunso limeneli, kaya mapointi ake onse ndi ochepa, mlangizi samulola kungopita asanakambirane za chitetezo chake.

Vuto lina ndi chilankhulo. Kuno munthu sanena kuti ali ndi depression. Amati mutu sukugwira, mtima ukuthamanga, kapena akuganiza kwambiri. Ku Zimbabwe anaziona izi, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 anapanga mafunso awoawo 14 m'Chishona, otchedwa Shona Symptom Questionnaire, omwe ali ndi mawu akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Mafunsowa ndi omwe akhala akugwiritsidwa ntchito pa Friendship Bench, ntchito yomwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, pomwe agogo ophunzitsidwa amacheza ndi anthu pabenchi kunja kwa chipatala. Amene vuto lake laoneka lalikulu amatumizidwa kwa namwino kapena dokotala. Kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, omwe anathandizidwa pabenchi anali ndi zizindikiro zochepa kuyerekeza ndi anzawo. Kwathu kuno, mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo.

Komabe mapointi paokha sanena matenda. Munthu amene wangoika kumene mayi ake akhoza kupeza mapointi ambiri, koma chomwe ali nacho ndi chisoni cha maliro. Kuchepa kwa magazi kumabweretsanso kutopa ndi kufooka. Mowa ndi chamba zimasokoneza tulo. Foni siifunsa zonsezi, pomwe mlangizi amafunsa za kunyumba, ngongole, ntchito, chibwenzi ndi mankhwala omwe mukumwa, kenako n'kulumikiza zonse.

Kuyezaku kumathandizanso kutsogolo. Ngati munayamba ndi mapointi 18 ndipo patatha mwezi mwatsika kufika pa 9, nonse awiri mukuona kuti zikuyenda. Akapanda kusintha, ndiye kuti njira isinthidwe, mwina mpaka kukaonana ndi dokotala.

Choncho mukapita kukalandira uphungu, musadabwe akakutulutsirani pepala la mafunso. Si mayeso a MSCE, palibe kukhoza kapena kulephera. Yankhani zoona, funsani tanthauzo la mapointi anu, funsaninso kuti pepalalo aliona ndani. Thandizo limapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso mukhoza kuyambira pachipatala chachikulu cha m'boma lanu. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire mawa. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite naye kuchipatala lero lomwe.