MBIRI YA NKHONDO PA CHINSALU CHA KANEMA

Pakati pa anthu okonda kanema pali mkangano wakalekale umene umabuka nthawi zonse filimu yonena za nkhondo zamakedzana ikatha, nyali zitayaka, anthu akudzuka m'mipando. Ena amati kanema ndi msangulutso chabe, kotero kuti wofuna mbiri apite ku laibulale. Ena amakhala atawerenga mabatani onse a pa malaya a asilikali, ndipo akapezapo limodzi lolakwika amataya filimu yonse kudzala. Magulu awiri onsewa amaphonya pamene pagona nkhani. Batani lolakwika silinapwetekepo munthu. Chimene chimapweteka ndi dzina la munthu loipitsidwa popanda chifukwa, ulemu wopatsidwa kwa amene sanaukhetsere thukuta, ndiponso anthu miyandamiyanda amene anafa koma pa chinsalu saonekapo ndi mmodzi yemwe. Nkhaniyi njofunika pakuti mwana wa sukulu amaiwala msanga tsamba la m'buku, koma chimene anaona ndi maso amakalamba nacho.

Pozenga mlanduwu nkoyenera kuyamba ndi filimu imene ambiri amaiyesa yokhulupirika koposa pa moyo wa amalinyero akale. Dzina lake ndi Master and Commander: The Far Side of the World, ndipo anaikonza ndi Peter Weir wa ku Australia m'chaka cha 2003. Nkhani yake ikuchitika mu 1805, pamene Britain inali pa nkhondo ndi France wa Napoleon. Chombo cha matanga cha Angerezi chotchedwa HMS Surprise, cha mizinga 28 ndi anthu 197, chalamulidwa kusaka chombo cha Afalansa chotchedwa Acheron, chimene chikuchiposa msinkhu, liwiro ndi mphamvu zomwe. Kaputeni Jack Aubrey, amene mbali yake anasewera ndi Russell Crowe, achilondola kuchokera ku gombe la Brazil, nazungulira Cape Horn, mpaka ku zilumba za Galapagos.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa kuonetsa chombo ngati mudzi wa matabwa woyandama pa madzi. Amalinyero amagona m'machila opachikidwa mothinana pansi pa denga lalifupi, amadya mabisiketi odzala anankafumbwe, ndipo wochita mwano amakwapulidwa anzake onse akuona. Nkhondo ikayamba, woonera amazindikira chimene mabuku ambiri a sukulu sachitchula: kuti chipolopolo cha mzinga chikaboola khoma la chombo, zibenthu za matabwa zimauluka ngati mikondo ndi kulasa anthu ochuluka kuposa chipolopolocho. Pansi pamene dokotala akugwirira ntchito pamathiridwa mchenga kuti anthu asaterereke ndi magazi. Kamnyamata kophunzira ntchito ya utsogoleri, Blakeney, kamadulidwa mkono kali maso, pakuti mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni anadzayamba kugwiritsidwa ntchito patapita zaka 40. Dokotala mwini wake, Stephen Maturin, atawomberedwa mwangozi, adzichotsa yekha chipolopolo akuyang'ana pa kalilole.

Filimuyi siibisanso kulemera kwa udindo. Pa namondwe wa ku Cape Horn mlongoti uthyoka nugwera m'nyanja pamodzi ndi mmalinyero wina wokondedwa ndi onse. Zingwe za mlongotiwo zikukokera chombo chonse pansi, ndipo Aubrey atenga nkhwangwa nazidula, podziwa kuti potero wapha munthu mmodzi kuti apulumutse otsala. Pambuyo pake mphepo ileka, madzi akumwa achepa, ndipo amalinyero ayamba kunong'onezana kuti pakati pao pali Yona wodzetsa tsoka. Chala chiloza mkulu wina wamantha, Hollom, amene potsiriza anyamula chipolopolo cha mzinga nadziponya nacho m'madzi usiku. Munthu aliyense amene anaonapo mudzi ukusaka mfiti pa nthawi ya chilala sangavutike kumvetsa chochitikachi. Mpaka pano, wokonda mbiri alibe chodandaula.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimuyi inachokera m'mabuku a Patrick O'Brian, makamaka la mutu wakuti The Far Side of the World la mu 1984. M'bukumo mdani si Mfalansa ai. Ndi chombo cha Aamerika, ndipo nthawi yake ndi ya nkhondo ya pakati pa Britain ndi United States imene inayamba mu 1812. Mlembiyo anatsamira pa zimene zinachitikadi: mu 1813 chombo cha Aamerika, USS Essex, motsogozedwa ndi Kaputeni David Porter, chinalanda zombo zambiri za Angerezi zosaka anamgumi pafupi ndi Galapagos, mpaka chinagwidwa ndi HMS Phoebe ndi HMS Cherub kufupi ndi Valparaíso mu Malichi 1814. Opanga filimu anabweza kalendala m'mbuyo nasintha mbendera ya mdani. Ndalama zokonzera filimuyi zinachokera ku makampani a ku America, ndipo msika wake waukulu unali komweko. Chotsala cha choonadi ndi kamawu kamodzi m'filimumo, kakuti Acheron anamangidwa ku Boston.

Apa ndiye pali phunziro lalikulu. Zingwe zonse zinali m'malo mwake, mabatani onse anali olondola, koma nkhondo yeniyeniyo inasinthidwa. Kukhulupirika pa tinthu ting'onoting'ono ndiko kumagonetsa woonera tulo kuti ameze chachikulu osatafuna.

Ena anachita zoposa pamenepa. Filimu ya U-571 ya mu 2000 imaonetsa amalinyero a ku America akulanda makina a Enigma, amene Ajeremani ankalembera mauthenga achinsinsi, m'sitima yoyenda pansi pa madzi. Zoona zake nzakuti makina oterewa analandidwa ndi amalinyero a HMS Bulldog a Angerezi m'sitima ya U-110 pa 9 Meyi 1941, miyezi isanu ndi iwiri America isanalowe nkhondo. Nkhaniyi inafika mpaka m'nyumba ya malamulo ku London, kumene nduna yaikulu ya nthawiyo, a Tony Blair, anavomereza kuti filimuyo inali chipongwe kwa amalinyero a dziko lao.

Chipongwe china chimagwera munthu mmodzi ndi banja lake. The Bridge on the River Kwai ya David Lean, ya mu 1957, inapata mphoto zisanu ndi ziwiri za Oscar. Imaonetsa mkulu wa akaidi Achingerezi akunyadira kumangira Ajapani mlatho wolimba. Mkulu weniweni wa akaidi pa malo amenewo, Philip Toosey, anali munthu wina kotheratu, wokumbukiridwa ndi anthu ake chifukwa cha kuwateteza pamaso pa adani. Mlathonso sunaphulitsidwe ndi kagulu ka asilikali olimba mtima monga m'filimu. Unagumulidwa ndi mabomba a ndege mu 1945. Momwemonso mu Zulu ya mu 1964, msilikali Henry Hook anaonetsedwa ngati chidakwa ndi waulesi wonamizira kudwala, chikhalirecho anali munthu wosamwa, amene analandira malipiro apadera a khalidwe labwino, napatanso mendulo ya Victoria Cross pa nkhondo yomweyo. Akufa sadandaula ku bwalo la milandu, ndipo opanga kanema amadziwa zimenezo.

Komabe cholakwa chachikulu pa zonse ndi kusiya anthu kunja kwa chithunzi. Pa njanji ya makilomita 415 ya pakati pa Thailand ndi Burma panafa akaidi a nkhondo oposa 12,000, koma antchito okakamizidwa a ku Asia amene anafera pomwepo anali pafupifupi 90,000. Filimu ya Lean ilibe nawo ntchito. Dunkirk ya Christopher Nolan, ya mu 2017, imaonetsa mwaluso kupulumutsidwa kwa asilikali pafupifupi 338,000 mu 1940, koma Amwenye amene anali pa gombelo sapatsidwa malo m'nkhani yake. Zulu imalemekeza kulimba mtima kwa Azulu, ndipo mfumu Cetshwayo anaisewera ndi chidzukulu chake, Mangosuthu Buthelezi. Koma filimuyo siifotokoza kuti Angerezi ndiwo analowerera dziko la Azulu mu Januwale 1879, ndipo siionetsa kuphedwa kwa Azulu ovulala amene anatsala pa bwalo la Rorke's Drift. M'malo mwake inapeka chithunzi cha Azulu akuyimbira adani ao nyimbo ya ulemu, chinthu chimene sichinachitike. Ngakhale zombo za masiku a Nelson sizinali za azungu okhaokha: pa chipilala chake ku Trafalgar Square, mu London, pali chosema cha mmalinyero wakuda atagwira mfuti pa nkhondo ya pa 21 Okutobala 1805.

Kusiyidwa kotereku kumafika pafupi ndi kuno kwambiri. C.S. Forester, mlembi wa nkhani za Horatio Hornblower zimene zinaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ku Britain kuyambira 1998 mpaka 2003, analembanso The African Queen, imene John Huston anaisandutsa filimu mu 1951. Mbewu ya nkhaniyi inali nkhondo ya pa nyanja ya Tanganyika mu 1915 ndi 1916, pamene timabwato tiwiri ta Angerezi, Mimi ndi Toutou, tinanyamulidwa pa sitima mpaka ku Cape Town, pa njanji mpaka ku Katanga, kenaka nkukokedwa m'mapiri ndi makina, ng'ombe ndi mazanamazana a Aafirika. Pa chinsalu, khamu lonselo linasanduka azungu awiri okondana m'bwato.

Nyanja ya Malawi ili nayo nkhani yakeyake. Pakati pa Ogasiti 1914, masiku owerengeka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, sitima ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inanyamuka pa Nkhata Bay niwoloka kupita ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania. Kumeneko inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pa mtunda ikukonzedwa, niiwombera ndi mzinga. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades, anali asanamve kuti kwagwa nkhondo, ndipo anapalasa kabwato kudzakalipira mnzakeyo, nangogwidwa ukaidi. Ichi chimawerengedwa pakati pa zochitika zoyambirira za nkhondoyo pa madzi, ndipo mzinga wa Guendolen unadzaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi.

Wopanga filimu wa ku London akanaitenga nkhaniyi, mosakayika akanakometsa nthabwala ya makaputeni awiriwo, pakuti ndi yokoma ndithu. Koma kugonjetsedwa kwa sitima ya Ajeremani ndiko kunatsegula njira ya pa nyanja yopititsira asilikali ku Karonga, kumene kunakhetsedwa magazi pa 9 Seputembala 1914. Pambuyo pake panadza zaka zinayi za Nkhondo ya Chiwaya, pamene amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu ngati amtengatenga, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mu Novembala 1914 mbusa John Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo imene si yao. Filimu yongothera pa makaputeni awiri ikanakhala yoona pa batani lililonse, koma yabodza pa mutu wa nkhani.

Pochita chilungamo, nkofunika kuvomereza kuti wopanga filimu ali ndi maola awiri okha, ndipo sangaike zonse. Kufupikitsa ulendo wa miyezi, kuphatikiza anthu atatu kukhala mmodzi, kupeka mawu amene anthu analankhulana m'chipinda chotseka, zonsezi ndi zida za luso lake monga mmene kasemasema aliri kwa wosema mtondo. Malire ali pamenepa: kufupikitsa nkololedwa, koma kulanda ulemu wa wina, kuda dzina la munthu wosalakwa, kapena kufafaniza mtundu wathunthu, ndi bodza ngakhale litavala malaya okongola.

Kanema angathenso kubweza chimene kanema analanda. Mu 1988 Ousmane Sembène wa ku Senegal ndi mnzake Thierno Faty Sow anatulutsa Camp de Thiaroye, yonena za asilikali Achiafirika amene anawomberedwa ndi ankhondo a France pafupi ndi Dakar pa 1 Disembala 1944 chifukwa chofunsa malipiro ao. Mu 2006 Rachid Bouchareb anatulutsa Indigènes, yonena za asilikali a kumpoto kwa Africa amene anamenyera ufulu wa France. Chaka chomwecho boma la Jacques Chirac linalengeza kuti likweza ndalama za ukalamba za asilikali a m'maiko amene linkalamulira kale, zimene zinali zitaimitsidwa pa mlingo umodzi kuyambira 1959. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; anthu awa sanadikire kuti Hollywood iwakumbukire.

Motero palibe chifukwa chakuti munthu aleke kuonera Master and Commander kapena Zulu. Ndi ntchito za luso lapamwamba, ndipo ana a sukulu angaphunziremo zambiri za mantha, udindo ndi mtengo wa nkhondo. Chofunika nchakuti nyali zikayaka, kholo kapena mphunzitsi afunse mafunso atatu: analipira filimuyi ndani, chasinthidwa nchiyani, ndipo amene anasenza katundu ali kuti? Mwana wozolowera mafunso amenewa akadzaima patsogolo pa mzinga wa ku Mangochi kapena chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba, adzafuna kudziwa maina a anthu amene sanalembedwe pamenepo, ndipo mwina mmodzi mwa ana otere ndiye adzanyamula kamera.