Ndere za pakhoma: mboni yomwe Karonga sanaifunsepo

Mvula ikangokhazikika ku Karonga, m'munsi mwa makoma a njerwa, m'mphepete mwa ngalande ndi pafupi ndi mijigo mumayamba kubiriwira. Ambirife timangoti ndi ndere, n'kutenga khasu kupala. Koma mawu akuti ndere ndi thumba lalikulu. Zina ndi zoterera za m'madzi, zina ndi zouma zomata pamiyala, pomwe zina ndi timbewu tenitenidi, tokhala ndi tsinde ndi timasamba.

Mwa timbewuti muli kena kotchedwa Bryum argenteum. Kamamera m'makontinenti onse, ngakhale ku Antarctica komwe kuzizira kwake si kwamasewera. Kutalika kwake nthawi zambiri sikupitirira sentimita imodzi. Mukakajambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, muona timphukira tothithikana ngati ulusi, totuwa ngati siliva. Nsonga za masamba ake zilibe kubiriwira kuja, ndiye zimabweza kuwala kwa dzuwa n'kuteteza mbali ya m'munsi.

Mizu yeniyeni kalibe, kamangogwirira ndi tiulusi. Madzi ndi chakudya kamamwera m'masamba, kuchokera ku mvula, mame ndi fumbi. Chilimwe chikafika kamauma gwa, ngati kafa, koma kakangonyowa kamatsitsimuka. Kamafalikira ndi tinjere touluka ndi mphepo, komanso tizidutswa tomata kunsapato ndi kumatayala. N'chifukwa chake kamakonda pomwe pali anthu: m'ming'alu ya simenti, m'mbali mwa misewu, ndi malo a utsi ndi fumbi pomwe ndere zina zimalephera.

Apa m'pofunika kusamala. Kuona ndere zotere pakhoma si umboni woti mpweya ndi wabwino, komanso si umboni woti waipa. Nkhani ili m'kati mwake. Poti zimamwa chilichonse chogwa kuchokera mumlengalenga, ndere zimasunga tizitsulo tapoizoni monga lead ndi cadmium. Ukazitengera ku labotale, zimaulula zomwe zakhala zikugwa pamalopo.

Akatswiri a ku Sweden anayamba njirayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira 1990 mayiko a ku Ulaya amayeza ndere zaka zisanu zilizonse. Ku Portland, m'dziko la America, ndere za m'mitengo zinaonetsa cadmium wochuluka pafupi ndi mafakitale a magalasi, ndipo nkhaniyi itatuluka mu 2016 boma linawakhwimitsira malamulo.

Nanga ife? Karonga ndi boma la migodi. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014, ndipo wayambanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Kulinso migodi ya malasha, kuphatikizapo magalimoto akuluakulu odutsa mu M1 kupita kuchipata cha Songwe. Mu 2016, bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena kuti anthu okhala pafupi ndi migodi m'bomali sankapatsidwa uthenga wokwanira pa zomwe zingakhudze thanzi lawo. Mphekesera zimakula pomwe palibe manambala. Wina akuti madzi aipa, wina akuti n'zabodza, mayi wotunga madzi n'kutsala pakati.

Makina oyezera mpweya ndi okwera mtengo, pomwe ndere zimamera zokha, zaulere. Sizingalowe m'malo mwa kuyeza madzi kapena kuyeza anthu kuchipatala, koma zikhoza kulozera pofunika kuyang'anitsitsa. Ophunzira a sayansi ku Mzuzu University atha kutola ndere za mtundu umodzi pafupi ndi migodi, m'mbali mwa M1, ndi kumapiri a Nyika kutali ndi utsi, n'kuyerekeza zotsatira. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA likhoza kuthandiza, zotsatirazo n'kuperekedwa kwa mafumu ndi anthu m'zilankhulo zawo, Chikyangonde ndi Chitumbuka. Zikaonetsa kuti zonse zili bwino, mitima ikhala pansi, ndipo kampani nazo zipindula. Zikaonetsa vuto, tidziwa msanga.

Inu achinyamata, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Funsani ku khonsolo kuti mpweya ndi madzi a kwanu anayezedwa liti, ndipo anapeza chiyani. Ndipo musanapale khoma lija, kaye werama, jambulani, lembani malo ndi tsiku. Kafukufuku amayamba choncho.