Manifold ya turbo

Manifold ya turbo ndi chipangizo chachitsulo chomwe chimasonkhanitsa utsi wotuluka m'masilinda onse a injini n'kuupititsa ku turbo. Imamangidwa ndi mabawuti pa hedi ya injini, mbali yotulukira utsi, ndipo turbo imakhala kumapeto kwake. Pa galimoto yopanda turbo, manifold imangolondolera utsi ku paipi ya ekizozi. Pa galimoto ya turbo ntchito zake ndi ziwiri: kufikitsa utsi ku turbo usanataye mphamvu, komanso kukhala pokhalira turboyo. Anthu akamachotsa turbo ya kufakitale n'kuika yaikulu pofuna kuwonjezera mphamvu ya injini, kawirikawiri manifold nayo imafunika kusinthidwa, ndipo zambiri zimalakwika pa ntchito yachiwiri ija.

Momwe imagwirira ntchito

Turbo ili ndi timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi kachitsulo. Koyamba, kotchedwa turbine, kamazunguzidwa ndi utsi. Kachiwiri, kotchedwa compressor, kamakankhira mpweya wambiri m'masilinda kuti injini iwotche mafuta ochuluka. Timagudumuti timatha kuzungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Luso limeneli linalembetsedwa ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, ndipo galimoto zoyamba zonyamula anthu zogulitsidwa zili ndi turbo zinali Oldsmobile Jetfire ndi Chevrolet Corvair Monza Spyder, zomwe zinatuluka ku America mu 1962.

Chomwe chimazunguza turbine ndi kutentha ndi liwiro la utsi. Utsi ukazizira m'njira, kapena ukalowa m'malo otakasuka kwambiri n'kuchepa liwiro, turbo imachedwa kudzuka dalaivala akaponda moto. Kuchedwa kumeneku kumatchedwa lag. Pa injini ya petulo yomwe ikugwira ntchito mwamphamvu, utsi umafika madigiri 900 Celsius kapena kuposerapo, moti manifold imatha kufiira ngati khala. Utsi wa injini ya dizilo sutentha kufika pamenepo.

Mitundu ya manifold

Mtundu woyamba ndi wa chitsulo chosungunula chomwe chimathiridwa m'chikombole, chotchedwa cast iron. Galimoto zambiri za turbo zimachoka kufakitale ndi mtundu umenewu. Makoma ake ndi okhuthala, njira za utsi ndi zazifupi, ndipo palibe malo owotcherera. Imalemera, siyokongola, koma imasunga kutentha ndipo imatha zaka zambiri. Opanga galimoto amasakaniza chitsulochi ndi silicon ndi molybdenum, kapena nickel wambiri, kuti chipirire moto.

Wachiwiri ndi wotchedwa log, womwe uli ngati chipika: paipi imodzi yaikulu yogona m'mbali mwa injini, yomwe timapaipi tatifupi tochokera ku silinda iliyonse timathiramo utsi. Ndi yosavuta kupanga ndipo imalowa pamalo opanikiza. Vuto lake n'lakuti utsi wa masilinda umawombana mkatimo, zomwe zimachepetsa mphamvu injini ikamathamanga kwambiri.

Wachitatu ndi wa mapaipi owotcherera, wotchedwa tubular. Silinda iliyonse imakhala ndi paipi yakeyake, nthawi zambiri yofanana kutalika ndi inzake, ndipo onse amakumana pansi pa turbo. Utsi umayenda bwino ndipo injini imapereka mphamvu zambiri ikafika pa liwiro lalikulu. N'chifukwa chake imakondedwa pa mipikisano. Ndi yomwenso imaoneka bwino munthu akatsegula boneti, ndipo ambiri amaigula pa chifukwa chimenechi. Koma ndi mtundu womwe umang'aluka kwambiri, ndipo pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku phindu lake silimveka kwenikweni, chifukwa injini sikhala nthawi yaitali pa liwiro lomwe mapaipi aatali amathandiza.

Pali injini zina zomwe mwini wake alibe chosankha. Pa Ford 1.0 EcoBoost ndi pa Volkswagen EA888 ya m'badwo wachitatu, njira za utsi zinaumbidwira mkati mwa hedi momwemo, ndipo turbo imamangidwa pa hedi mwachindunji. Pa BMW N54, manifold ndi chigoba cha turbine ndi chinthu chimodzi, moti kusintha chimodzi ndi kusintha zonse.

Kusankha

Choyamba kuona ndi pakamwa pomwe manifold imakumana ndi turbo, potchedwa flange. Maina odziwika kwambiri anachokera ku kampani ya Garrett: T25, T3 ndi T4, kuyambira paling'ono kukafika palikulu. Palinso V-band, yomwe ndi yozungulira ndipo imamangidwa ndi chibangili chimodzi m'malo mwa mabawuti anayi. Turbo imasankhidwa poyamba, molingana ndi mphamvu zomwe zikufunidwa, kenako manifold imatsatira. Pali zitsulo zolumikizira flange ya mtundu wina ku inzake, koma zimakweza turbo pamwamba ndi kuwonjezera malo ena omwe utsi ungathawirepo.

Chachiwiri ndi kugawa utsi. Injini zambiri za masilinda anayi zimawotcha motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2. Valavu yotulutsa utsi imakhala yotsegula nthawi yaitaliko kuposa theka la kuzungulira kwa crankshaft, kotero pamene silinda 3 ikuyamba kulavula utsi mwamphamvu, valavu ya silinda 1 imakhala isanatsekeke, ndipo utsi wina umabwereramo. Turbo ya twin-scroll imathetsa vutoli pokhala ndi njira ziwiri zolowera utsi. Manifold yake imaphatikiza silinda 1 ndi 4 mbali imodzi, 2 ndi 3 mbali ina, ndipo khoma logawa limafika mpaka pa flange. Pa injini ya masilinda 6 ondondozana, atatu akutsogolo amakhala paokha, atatu akumbuyonso paokha. Mitsubishi inaika turbo yotere pa Lancer Evolution IV mu 1996. Turbo ya twin-scroll ikamangidwa pa manifold yosagawa imagwirabe ntchito, koma phindu lomwe inagulidwira limatayika.

Chachitatu ndi wastegate, valavu yomwe imatsegula njira yolambalala turbine mpweya wolowa mu injini ukafika pa mlingo wofunidwa. Maturbo ang'onoang'ono amakhala nayo mkati. Aakulu ambiri alibe, ndipo imamangidwa pa manifold, ya mamilimita 38 kapena 44 kawirikawiri. Kapaipi kake kayenera kupatuka motsatira komwe utsi ukulowera, ndipo kazilandira utsi wa masilinda onse. Kakapatuka mokhota kwambiri, utsi umangokadutsa n'kupita ku turbine, mpweya umakwerabe ngakhale valavu ili yotsegula, ndipo mapisitoni angawonongeke. Chodabwitsa n'chakuti amene akufuna mpweya wochepa pa injini yaikulu ndi amene amasowa wastegate yaikulu, popeza utsi woti ulambalale ndi wochuluka.

Chitsanzo cha Nissan SR20DET

SR20DET ndi injini ya malita 2 ndi masilinda anayi yomwe inali mu Nissan Silvia S13, S14 ndi S15, ndipo ndi imodzi mwa injini zosinthidwasinthidwa kwambiri pa masewera a drift. Inkachoka kufakitale ndi manifold ya cast iron yoika turbo pansi, pambali pa buloko, ndi flange ya T25. Mu S15 Spec-R, yomwe inatuluka mu 1999, inkapereka 250 PS. Maturbo ena okulirapo a Garrett, monga GT2860RS ndi GT2871R, amapezeka ndi flange yomweyo, moti eni galimoto ambiri amawamanga pa manifold ya kufakitale osaisintha.

Turbo ya T3 simakwana pansipo bwinobwino, choncho pamafunika manifold yoikweza pamwamba. Zikatero paipi yotsitsa utsi, mapaipi a oyilo ndi madzi, ndi paipi ya mpweya, zonse zimasinthidwa. Pamabweranso nkhani ya mbali ya chiwongolero. Utsi wa injiniyi umatulukira kumanzere kwa galimoto. Ku Japan, komwe chiwongolero chili kumanja monga zilili ku Malawi, Zambia ndi South Africa, pampu ya mabuleki imakhala mbali ina, kutali ndi moto. Ku America, komwe anthu amaika injiniyi mu Nissan 240SX ya chiwongolero cha kumanzere, turbo yokwezedwa imayandikana ndi pampu ya mabuleki ndi kabotolo ka mafuta ake, ndipo pamafunika chitsulo chotchinga kutentha. Ichi n'chifukwa chake ogulitsa amalemba mbali ya chiwongolero yomwe manifold inapangidwira.

Chifukwa chake imang'aluka

Chitsulo chikatentha chimatalika. Chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304, chotalika theka la mita, chikatentha ndi madigiri 700 chimawonjezera pafupifupi mamilimita 6, pamene cast iron imawonjezera pafupifupi 4. Koma hedi yomwe manifold yamangidwapo imaziziritsidwa ndi madzi ndipo imakhala pafupi ndi madigiri 100 okha. Manifold imafuna kutalika, hedi ikuikaniza. Injini ikazima, imabwerera mwakale. Izi zimachitika pa ulendo uliwonse, ndipo zimafanana ndi kupinda waya uku ndi uku: sathyoka ulendo woyamba, koma tsiku lina amathyoka.

Pamwamba pa izi pali kulemera. Turbo yaikulu, wastegate ndi paipi yotsitsa utsi pamodzi zimatha kupitirira makilogalamu 10. Pa manifold yokweza turbo, katunduyu amakhala kutali ndi hedi, mofanana ndi munthu wonyamula ndowa ya madzi atatambasula mkono. Chitsulo chofiira ndi moto chimakhala chofewa kuposa chozizira, ndipo chikasenza katundu nthawi yaitali chimawerama pang'onopang'ono. Injini ya masilinda anayi imanjenjemeranso mwachibadwa, ndipo msewu wokumbika umawonjezera kugwedezekako. Mng'alu umayambira m'mphepete mwa powotcherera, makamaka pomwe mapaipi akumana ndi pomwe wastegate yalendewera.

Zizindikiro zake ndi phokoso loti tiki-tiki injini ikangolizidwa kumene, lomwe limachepa ikatentha, mwaye wakuda pafupi ndi mng'alu, fungo la utsi m'galimoto, ndi turbo yochedwa kudzuka. Utsi wothawira mu boneti umasungunula mawaya ndi mapaipi a rabala, ndipo ukalowa mokhala anthu umabweretsa mpweya wakupha wa carbon monoxide.

Mtundu ndi kukhuthala kwa chitsulo zimasiyanitsa kwambiri. Mamanifold otsika mtengo amapangidwa ndi mapaipi a khoma la mamilimita 1.6 kapena kucheperapo. Olimba amapangidwa ndi mapaipi a schedule 10, a khoma la pafupifupi mamilimita 2.8, kapena schedule 40, a pafupifupi 3.7. Chitsulo cha 304 chikakhalitsa pa moto waukulu, chromium yomwe imachiteteza imagwirana ndi carbon, ndipo chimafooka. Cha 321 anachithira titanium pofuna kupewa zimenezi. Wowotcherera waluso amadzaza mpweya wa argon mkati mwa paipi pamene akuwotcherera, kuti mkatimo musapserere. Kunyezimira kwa kunja sikuonetsa ngati izi zinachitika.

Kuchirikiza turbo

Njira yodalirika yotalikitsira moyo wa manifold ndi kuichotsera katundu. Turbo imapatsidwa chochirikiza chakechake: bulaketi yochokera pansi pa buloko, kapena ndodo yachitsulo yoikoleka kuchokera pamwamba. Galimoto zambiri zimabwera ndi bulaketi yotere kuchokera kufakitale, ndipo si zachilendo kuti iiwalike pa benchi turbo ikasinthidwa, poti mabowo sakugwirizananso.

Chochirikiza chimamangidwa pa injini, osati pa thupi la galimoto. Injini imakhala pa marabala ndipo imapendekera dalaivala akaponda kapena kusiya moto. Turbo ikagwiridwa ndi thupi la galimoto pamene manifold ikuyenda ndi injini, manifold imathyoka msanga kuposa ikanakhala yopanda chochirikiza. Chisakhalenso chouma gwa mbali zonse. Ntchito yake ndi kusenza kulemera kokha, n'kulola turbo kusuntha mamilimita ochepa aja chitsulo chikamatalika. Pa chifukwa ichi ambiri amagwiritsa ntchito ndodo yokhala ndi mfundo zozungulira kumapeto konse kuwiri, zotchedwa rod end, kapena bulaketi ya mabowo aataliko. Wastegate yolendewera pa kapaipi kakatali imafunanso kachitsulo koigwirizira.

Paipi ya ekizozi yonse, kuchokera ku turbo mpaka kumbuyo kwa galimoto, imakoka turbo ngati siyinamasulidwe. Paipi yotsitsa utsi imamangiriridwa pa injini kapena pa giyabokosi, ndipo kuseri kwa pamenepo pamaikidwa kachigawo kopindika kolukidwa ndi waya, kuti kugwedezeka kwa mapaipi a pansi pa galimoto kusafike ku turbo.

Pa hedi, flange yokhuthala mamilimita 12 kapena kuposerapo sipindika msanga. Mabowo a kumapeto amakulitsidwa pang'ono, ndipo ena amadula flange pakati pa masilinda kuti chigawo chilichonse chiziyenda pachokha. Manati wamba amamasuka ndi kutentha, choncho pamaikidwa manati odzitsekera okha ndi gasiketi ya zitsulo zosanjikiza, ndipo amamangidwanso injini ikatentha ndi kuzizira kangapo. Nsalu yokulunga mapaipi imachepetsa kutentha mu boneti, koma imatenthetsa chitsulocho kwambiri, imasunga chinyezi ndipo imabisa ming'alu. Chitsulo chotchinga chokhala ndi mpata wa mpweya chilibe mavuto amenewa.

Malo omwe manifold yaika turbo amakhudzanso oyilo. Oyilo amalowa mu turbo mokankhidwa ndi pampu, koma amatuluka mongotsika yekha kubwerera ku sampu. Paipi yake yobwerera iyenera kukhala yotakata ndi yotsetsereka njira yonse. Ikagona kapena kukwera penapake, oyilo amadzaza mu turbo n'kudutsa ku utsi, ndipo galimoto imafuka utsi wabuluu ngakhale turbo ili yatsopano.