Kamba wa m'mapaketi ngopepukadi, koma madzi mukawatunga kuti?

Dzuwa likayamba kufewa mu Novembala, anthu a mu Dubai amakumbukira kuti ali ndi mapiri. Loweruka ndi Lamulungu, msewu wa ku Hatta, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera m'tauni, umadzaza ndi anthu obereka zikwama. Njira zokwerera mapiri kumeneko n'zaulere, ndipo anaziika zizindikiro zamitundu: zobiriwira n'zosavuta, zakuda n'za akatakwe. N'chifukwa chake ena mwa ife ogwira ntchito m'minda ndi m'makola a ku Al Khawaneej, Al Awir ndi Lahbab tayamba kukopeka. Tsiku lopuma ndi limodzi, ndipo munthu umafuna uone china osati khoma la chipinda chogona.

Koma ulendo ndi kamba. Mukalowa m'sitolo za katundu wa okwera mapiri, monga Adventure HQ kapena Decathlon, mupeza timatumba tonyezimira tolembedwa kuti freeze-dried. Kunja ajambulapo mpunga wa nkhuku, pasita wa nyama yogaya, ngakhale phala la m'mawa. Mukanyamula kamodzi mungaganize kuti mulibe kanthu. Kambiri kamalemera magalamu 100 mpaka 150 basi.

Ine ndinagulako kamodzi chifukwa cha chidwi. Mtengo wake unandiwawa, poti ndalama yomweyo ndikanadyera kangapo m'kafiteriya. Nditang'amba ndinapeza tizibuluma touma ngati thonje. Ndinathira madzi owira kufika pamzere umene analemba, n'kutakasa, n'kutseka. Patatha mphindi 10 unali mpunga weniweni, nandolo zake zobiriwira ngati zathyoledwa dzulo. Kunena zoona, kukoma kunalipo. Kukhuta ndiye ayi. Mimba yozolowera nsima siinyengeka ndi zimenezi.

Nzeru yake ndi yotere. Chakudya amachiphika kaye, kenako n'kuchiziziritsa mpaka chiundane kuti gwa, pa madigiri pafupifupi 40 kunsi kwa ziro. Akatero amachiika m'makina amene amapopa mpweya wonse. Mmenemo ayezi uja sasungunuka kukhala madzi, amangosanduka nthunzi n'kuchoka. Pomaliza madzi otsala m'chakudyamo amakhala ochepa kwambiri, awiri kapena atatu pa 100 alionse. Popanda madzi tizilombo towoletsa chakudya sitingaswane, ndipo kampani ya ku America ya Mountain House imalonjeza kuti zakudya zake zimakhalabe zokoma mpaka zaka 30. Popeza chakudyacho sichinapserere ndi dzuwa kapena moto, mtundu, fungo ndi mavitamini ambiri zimatsala.

Musaganize kuti nzeruyi inayamba ndi makina. Alimi a m'mapiri a Andes, ku Peru ndi Bolivia, akhala akuchita zimenezi kwa zaka mazanamazana. Amayala mbatatesi panja usiku kuti iundane ndi chisanu, masana amaiponda ndi mapazi kufinya madzi, dzuwa n'kumaliza ntchito. Amaitcha chuño, ndipo imakhala zaka osawonongeka. Makina anabwera pambuyo: pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankaumitsira madzi a m'magazi othandizira asilikali ovulala, ndipo m'zaka za m'ma 1960 njirayi inafika ku khofi ndi ku chakudya cha anthu opita mumlengalenga.

Ife tikamva zimenezi tisadzione ngati alendo. Mayi amene amafutsa nkhwani ndi khwanya mvula ikamatha, n'kuyanika, n'kumanga chikwatu chodzadya mu Okutobala, akulimbana ndi mdani yemweyo: madzi. Usipa wa pathandala ku Mangochi, makaka a chinangwa, bowa wouma, zonsezi ndi banja limodzi ndi timatumba ta m'sitolo tija. Kusiyana kwake n'kwakuti dzuwa limadya ena mwa mavitamini, makamaka vitamini C, ndiponso mfutso umafuna kuuphika pamoto, pamene za m'paketi zimangofuna kunyowetsa.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi amene makina anachotsa aja, muyenera kuwabwezera ndinu. Paketi imodzi imafuna mamililita 300 mpaka 500, owira. Amene anakonza zakudya zimenezi ankaganiza za mapiri okhala ndi mitsinje, kumene umayenda masiku asanu n'kumatunga madzi panjira. Pa Mulanje zingathandize kwambiri: kuchoka ku Likhubula, kugona pa Chambe, kupitirira ku Chisepo mpaka kufika pa Sapitwa, mamita 3,002, timitsinje timayenda nawe ndipo m'nyumba zogona za paphiripo muli pokolezera moto. Pamenepo kupepuka kwa kamba ndi phindu lenileni.

Mapiri a Hajar, amene Hatta ili m'kati mwake, si Mulanje. Ndi miyala yokhayokha, mthunzi ngosowa, ndipo zigwa zake, zija amati wadi, zimakhala zouma pafupifupi chaka chonse. Dontho lililonse mumachoka nalo kunyumba. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ndiye werengani nokha: magalamu 130 a chakudya, kuphatikiza magalamu 400 a madzi ake, mwadutsa kale theka la kilogalamu. Onjezani kachitofu, kabotolo ka gasi ndi kapoto. Katundu ameneyo waposa kontena ya mpunga ndi nyemba imene mukanaphika usiku m'khitchini ya pafamu. Mwalipira ndalama zambiri kuti mupepukidwe, koma msana sunaone kusintha.

Choopsa kuposa kulemera ndi chakuti madzi ophikirawo amachoka pa madzi akumwa. Munthu akafika pamwamba njala itamugwira, botolo litatsala theka, amayesedwa kuthira m'paketi. Pobwerera ndi pamene mutu umayamba kuwawa, miyendo kukokana, maso kuchita chidima. Ife tikuidziwa bwino mphamvu ya dzuwa lakuno; si pachabe boma limaletsa ntchito zapanja kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Ngakhale mu Januwale, kukwera phiri masana kumatulutsa thukuta lambiri. Madzi akumwa akhale paokha, malita atatu kapena kuposa pa munthu mmodzi pa ulendo wa tsiku lonse, ndipo asakhudzidwe ndi zophika.

Ngati mwagulabe, tembenuzani paketiyo muwerenge kumbuyo. Zambiri zimakhala ndi mchere wochuluka, zina sodium woposa mamiligalamu 1,000, pamene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike 2,000 patsiku. A BP asamale. Abale athu Achisilamu ayang'ane chizindikiro cha halal, makamaka pa zoitanitsa pa intaneti, chifukwa zina zochokera ku Ulaya ndi America zimakhala ndi nyama ya nkhumba. M'kati mwa mapaketi ambiri mumakhalanso kathumba kakang'ono koyamwa mpweya. Si mchere, si zokometsera. Kachotseni musanathire madzi, ndipo katayeni kumene mwana sangakatole.

Sindikuti timatumbati n'topanda ntchito. Amene akukagona usiku uwiri kapena utatu, kaya ku Jebel Jais ku Ras Al Khaimah, adzaona ubwino wake, poti mpunga wophika sungadikire mawa m'chikwama chotentha. Ndipo amene akufuna kupita nato kumudzi patchuthi, kuti akayese pa Mulanje kapena pa Nyika, akumbukire kuti botolo la gasi silikwera ndege.

Koma pa ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo, kamba amene agogo ankanyamula popita ku Halale wapansi akadagwirabe ntchito. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, mazira owiritsa. Onjezani zakuno: zipatso za kanjedza zija Aluya amati tamr, zimene ena a ife timazithyola tokha pantchito, buledi wa khubz, ndi tinsomba touma tofanana ndi usipa timene timapezeka ku Waterfront Market ku Deira. Mukatikazinga usiku ndi tomato pang'ono, mwapeza ndiwo. Palibe chofuna moto paphiri, palibe chomwa madzi anu.

Musananyamuke onani zanyengo pa foni, kuchokera ku National Center of Meteorology. Chakudza sichiimba ng'oma: amene analipo pa 16 Epulo 2024 akukumbukira mmene mvula inamizira misewu ya Dubai, ndipo wadi youma imadzaza m'kanthawi kochepa ngakhale mvulayo yagwa kutali. Musadyere nkhomaliro pansi pa chigwa chifukwa choti pali kamthunzi. Uzani mnzanu wa m'chipinda njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. Zikavuta, apolisi ndi 999, ambulansi 998.